Kwa achemwali ofunsa za ma consultant a Mtukula Pakhomo

Achemwali, mwafunsa kuti anthu amene amalembedwa ntchito ngati ma consultant pa mapologalamu othandiza mabanja ovutika, monga Mtukula Pakhomo, anaphunzira chiyani, komanso ngati inu amene mwangomaliza digiri ya social work mungadzafikeko. Ine ndinagwira zaka zingapo ku ofesi ya social welfare kwa DC, kenako ndinayamba kutengedwa m'magulu ofufuza. Anthuwa ndayenda nawo galimoto imodzi, ndadya nawo nsima m'malesitilanti a pa boma, choncho ndikuuzani zomwe ndinaona.

Sukulu ya u-consultant kulibe. Ndi dzina la mtundu wa kontrakiti basi: bungwe likufuna ntchito inayake ithe m'masiku owerengeka, limalemba ma TOR (chikalata chofotokoza ntchitoyo ndi munthu amene akufunika), nkusaka munthu amene anaichitapo kale. Ndiye amene mumawaona atanyamula ma laptop aja anachokera njira zosiyanasiyana.

Taonani mbiri ya Mtukula Pakhomo weniweniyo. Anayamba moyesera ku Mchinji mu 2006 ndi thandizo la UNICEF, ndipo amene anathandiza kuyala ndondomeko yake ndi Bernd Schubert wa ku Germany, yemwe anali atachita kale zofanana ku Kalomo, m'dziko la Zambia. Mfundo inali yakuti asankhidwe makomo 10 pa 100 alionse, osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito wa zaka 19 mpaka 64, kapena pamene wamphamvu mmodzi akusenza anthu oposa atatu. Nthawi imeneyo khomo la munthu mmodzi linkalandira K600 pamwezi, la anthu anayi kapena kuposa K1,800, ndi kapamwamba ka K200 pa mwana wa ku pulayimale ndi K400 pa wa ku sekondale. Ofufuza oyamba kuona ngati ndalamazi zikusintha kanthu anachokera ku Boston University, motsogozedwa ndi Candace Miller wa maphunziro a zaumoyo wa anthu, pamodzi ndi a Centre for Social Research a ku Zomba. Kafukufuku wamkulu wotsatira, wa ku Salima ndi Mangochi kuyambira 2013 mpaka 2015, unali m'manja mwa University of North Carolina, ndipo Sudhanshu Handa amene anali patsogolo ndi katswiri wa zachuma.

Mwaona kale mmene zilili: pamwamba penipeni pamadzaza a economics, a statistics ndi a public health. Chifukwa chake n'chosabisika. Opereka ndalama, kaya ndi World Bank, European Union, Germany kapena Ireland, amafuna manambala. Amafunsa kuti ana angati abwerera kusukulu, makomo angati ayamba kudya kawiri patsiku, ndani wagula mbuzi kapena nkhuku. Woyankha mafunso otere ndi amene amadziwa kusankha sample (makomo ochepa oimira onse) ndi kugwiritsa ntchito mapologalamu a pa kompyuta osanthulira manambala, Stata kapena SPSS. Chiyambireni kaundula wa UBR (kaundula wa boma wa makomo amene mapologalamu othandiza amasankhamo anthu) ndi kulipira kudzera pa foni ndi ku banki, alowanso a makompyuta ndi owerengera ndalama. Palinso a malamulo, makamaka pa zokhudza ana, chifukwa wina ayenera kudziwa bwino lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 kumene kunatseka mpata woti mwana wosakwana zaka 18 alowe m'banja. Ena anachokera ku Bunda, amadziwa za ulimi ndi kadyedwe, ndipo amafunika kwambiri ikakhala nkhani ya njala.

Nanga a social work tili pati? Apa ndi pamene mtima wanga umawawa, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Ndinayendapo ndi katswiri wina wochokera kunja, munthu waulemu ndi wakhama, wa masamu akuthwa. Fomu yake inali ndi funso lakuti mutu wa banja ndani. Tinafika pakhomo pa agogo ena olera zidzukulu zinayi. Mwana wawo wamkazi anamwalira, mkamwini anabwerera kwawo monga zimakhalira ku chikamwini, koma malume a anawo, amene amakhala mudzi wina, ndiwo ankagamula zonse zokhudza anawo. Agogo atafunsidwa anatchula malumewo, mnyamata wathu wolemba nkulemba kuti pakhomopo pali bambo wamphamvu. Mwa cholembera chimodzi chomwecho agogo aja akanachotsedwa pa mndandanda. Amene anatigwira dzanja ndi mayi wina wothandizira za social welfare, wa satifiketi ya ku Magomero, amene anangofunsa kuti, "Agogo, amadya mphika uno ndani?" Funso limenelo silinali pa fomu. Tinabwerera ku lodge usiku womwewo nkukonzanso mafunso onse okhudza khomo, poganizira mitala, chitengwa, ndi ana amene amagona kwina koma nkumadya kwina.

Lipoti litatuluka, dzina la mayi uja silinalembedwe paliponse. Zimenezi ndaziona kangapo, ndipo sizindisangalatsa. Wodziwa mudzi amalandira alawansi ya tsiku, wodziwa kulemba lipoti amalandira ndalama ya madola. Koma musamve ngati ndikunyoza a manambala. Popanda umboni wawo Mtukula Pakhomo sakanafika m'maboma onse 28 mmene anafikira mu 2018, chifukwa panali anthu ambiri, ena a m'boma momwe, amene ankati ndalama zaulere zimangopangitsa ulesi ndi kuthera ku kachasu. Manambala ndi amene anawatseka pakamwa. Chomwe ndikunena n'chakuti consultant wabwino amene ndinamuonapo ndi amene ali ndi zonse ziwiri, ndipo chosavuta n'chakuti inu wa social work muphunzire manambala kusiyana n'kuti wa manambala aphunzire kukhala pamphasa ndi wamasiye mpaka amasuke.

Ndiye mukandifunsa njira, ndinganene kuti musathamangire dzinalo. Ma TOR ambiri amafuna masters ndi zaka zingapo za ntchito, ndipo zaka zimenezo sizigulidwa. Yambani kumunsi. Mukamva kuti akufuna ma enumerator (ofunsa mafunso a kafukufuku khomo ndi khomo), pitani, ngakhale ntchito ikhale ya masabata atatu m'dzinja matope ali m'mawondo. Kumeneko mudzaphunzira kugwiritsa ntchito tabuleti ndi mapologalamu olembera mayankho, Kobo kapena ODK, mudzaona mmene funso lolembedwa m'Chingerezi limapotokera likamasuliridwa m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka, ndipo oyang'anira amakumbukira nkhope ya munthu amene sanapeke mayankho ali pansi pa mtengo wa mango. Inde, alipo amene amapeka, ndipo amadziwika msanga. Mukapeza mpata ku ofesi ya social welfare, ngakhale wongodzipereka, utengeni. Mukakhale nawo pa tsiku lolipira, mukamve madandaulo a amene anasiyidwa, mukaone mmene makomiti a m'midzi amavutikira pamene osauka ali ochuluka koma malo ndi ochepa, nyakwawa nayo ikuyang'ana.

Kenako phunzirani kulemba. Ichi ambiri amachipeputsa. Ntchito ya consultant imathera pa pepala, ndipo amene angafotokoze nkhani ya agogo aja m'ndime ziwiri zomveka, nkuonetsa kuti vutolo likukhudza makomo angati, ndiye amaitanidwanso. Werengani National Social Support Policy ya 2012 ndi MNSSP II (Malawi National Social Support Programme II, ya 2018 mpaka 2023), zili pa intaneti, kuti mudziwe chilankhulo chimene a ku Capital Hill amalankhula. Masters mudzaiganizire mutadziwa kumene mtima wanu wagona, kaya ndi chitetezo cha ana, anthu aulumali, okalamba, kapena thandizo la pa ngozi monga tinaonera namondwe Freddy atawononga kum'mwera mu 2023.

Ndisakubisireni, ntchitoyi ilibe malipiro a mwezi ndi mwezi. Pali miyezi ya zokolola, palinso miyezi imene foni siilira. Ine ndinadikirapo malipiro miyezi inayi lipoti nditapereka kale, lendi ikundidikira. Ambiri amene mumawasirira ali ndi ntchito ina yokhazikika, ena amaphunzitsa ku yunivesite, ena anapuma m'boma ndipo ali ndi penshoni.

Mwati muli ku Dedza. Lolemba likubwerali pitani kwa DC, mufunse ofesi ya social welfare, mutenge CV yanu ya tsamba limodzi, ndipo muwauze kuti mukufuna kuperekeza nawo akamapita kukalipira.