Tifunseni: Mass Effect yatsopano ndiidikire, kapena ndichotseko mtima?

FUNSO

Achimwene, ndine mnyamata wa zaka 27, ndimakonza mafoni ku Zomba. Mass Effect, mndandanda wa magemu a zam'mlengalenga, ndinaidziwa mochedwa, mu 2021, atatulutsa Legendary Edition ija anaphatikizamo magemu atatu oyamba. Ndinagula PS4 yakale kwa mnzanga, n'kumasewera usiku uliwonse magetsi akakhalapo. Tsiku limene Mordin, dokotala wa m'gemumo, anakwera nsanja ya ku Tuchanka, dziko la mtundu wa Krogan, akudziwa kuti sabwerako, ndinaika kontrola pansi n'kukakhala pakhonde, osafuna kulankhula ndi munthu. Pano ndamva kuti BioWare, kampani yopanga magemuwa, ikupanga ina. Mtima wina ukudumphadumpha, wina ukuti kodi Andromeda, Mass Effect yachinayi ija, waiwala? Ndakhala ndikusunga kangachepe kogulira PS5 chifukwa cha gemu imeneyi. Ndigule, kapena ndikudzinamiza?

Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO

Achimwene a ku Zomba, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo za pakhonde zija ndazimvetsa. Ineyo ndinamutaya Mordin msanga kuposa inu, mu Mass Effect 2, pa ulendo womaliza uja umene aliyense wa m'gulu lako angathe kutsala. Ndinamusiya pachitseko ndi anzake kuti atchinge adani, osaganiza kuti dokotala wowonda ngati iye sangalimbe pamalo otero. Nditamaliza nkhondo yanga, kamera inangomuonetsa atagona pansi. Ndinayambiranso gemu yonse kuti ndimupulumutse. Choncho amene akukuyankhaniyu naye akudikira, ndipo naye mtima uli pawiri.

Za PS5 ndiyankhe msanga: musagule chifukwa cha gemu iyi. BioWare sinatchule tsiku lotulutsa, ngakhale chaka. Kanema woyamba anamuonetsa pa The Game Awards mu December 2020, uja Liara, mmodzi wa gulu la m'magemu atatu oyamba, akukwera phiri la chipale n'kutola kachidutswa kolembedwa N7, chizindikiro cha Mass Effect. Papita zaka, ndipo zimene taona chitulukireni kanemayo ndi zithunzi ndi timakanema tachidule ta pa N7 Day, tsiku la 7 November limene kampaniyi imasangalatsa otsatira ake. Gemu yeniyeni ikuseweredwa sanationetsebe. Ngati pali ina imene mukufuna kusewera lero pa PS5, gulani. Ngati ndi Mass Effect yokha, ndalamayo ipite kaye ku zipangizo za ntchito yanu.

Mantha anu ali ndi maziko, ndipo si Andromeda yokha. Iyo inatuluka mu March 2017, yopangidwa makamaka ndi nthambi ya ku Montreal, osati likulu la ku Edmonton, ndipo dziko lonse linaseka nkhope zouma za anthu ake. Nkhondo zake zinali zokoma, ndikuvomera, koma nthambiyo inatha chaka chomwecho. Mu 2019 kunabwera Anthem, gemu ina ya BioWare, imene analonjeza kuikonza kenako n'kuisiya mu 2021. Inanso yawo, Dragon Age: The Veilguard, inatuluka pa 31 October 2024, ndipo eni kampani, a Electronic Arts, ananena okha kuti anthu pafupifupi 1.5 miliyoni ndi amene anaisewera, pafupifupi theka la chiwerengero chimene ankayembekezera. Mu January 2025 antchito ambiri a BioWare anawasamutsira ku nthambi zina, ena ntchito inawathera.

Apa ndi pamene pamandipweteka ineyo. Mmodzi mwa amene anachoka nthawi imeneyo ndi Trick Weekes, mlembi amene anamupatsa Mordin kalankhulidwe kake kaja kothamanga, kodula mawu ngati munthu amene nthawi ikumuchepera. Drew Karpyshyn, amene anatsogolera kulemba gemu yoyamba ya 2007, anachoka kalekale, ndipo ali ku Archetype Entertainment kumene akupanga Exodus, gemu ina ya zam'mlengalenga. Casey Hudson, amene anatsogolera magemu atatu oyamba, anatsanzika mu December 2020, masiku ochepa kanema wa Liara uja asanaonetsedwe. Dzina la pachitseko ndi lomwe lija, koma ambiri mwa ophika anasintha.

Tadzifunsani chimene chinakutulutsani panja usiku umene uja. Sizinali mfuti, kapena kukongola kwa nyenyezi pa sikirini. Munakhala ndi Mordin kwa maola ambiri, mukutsikira ku labu yake m'chombo cha Normandy, iye akudziikira kumbuyo kuti kuchepetsa kubereka kwa mtundu wa Krogan kunali koyenera. Munamuona akusintha pang'onopang'ono mpaka kuvomera kuti analakwa. Chimenecho ndi ntchito ya alembi, ndipo kanema wotsatsa malonda sangakuonetseni ngati chilipo kapena ayi. Akhoza kukuonetsani chombo chonyezimira ndi nyimbo yogwedeza mtima m'mphindi ziwiri, koma munthu wopeka kuti umukonde pamafunika maola makumi angapo. N'chifukwa chake kanema wina akadzatuluka, sangalalani naye, muwatumizire anzanu pa WhatsApp, koma chikwama chikhale chotseka.

Komatu sindikukuuzani kuti muchotseko mtima. Amene akutsogolera ntchitoyi, Mike Gamble, analipo pa Mass Effect 2 ndi 3, ndipo ali ndi akale ena monga Derek Watts, Parrish Ley ndi Preston Watamaniuk. Nkhani ikuyang'aniridwa ndi Mary DeMarle, amene analemba Deus Ex: Human Revolution ndi Marvel's Guardians of the Galaxy. Ya Guardians ija ndinaiyamba ndisakuyembekezera kanthu, koma anthu a m'chombo chake amakangana ndi kukhululukirana ngati a pabanja limodzi, ndipo luso limenelo ndi limene Mass Effect imadalira. Asiyanso Frostbite, injini (pulogalamu yomangirapo gemu) imene inawavutitsa pa Andromeda ndi Anthem, n'kutenga Unreal Engine 5. Magemu atatu oyamba nawo anamangidwa pa Unreal. Chinanso, BioWare pano yaika mphamvu zake zonse pa gemu imodzi yokhayi.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi china. Mass Effect 3 inatha ndi zisankho zimene zimasintha mlalang'amba wonse, chofiira, chabuluu kapena chobiriwira, ndipo anthu anakwiya mpaka kampani inawonjezera Extended Cut, gawo lotalikitsa mathero, mu June 2012. Andromeda inalambalala vutoli potitengera kutali ku mlalang'amba wina, zaka zoposa 600 kutsogolo. Koma Liara akabwerera, ndiye kuti tikubwerera kwathu, ndipo alembi ayenera kunena chimene chinachitikadi. Mtundu wake wa Asari umakhala zaka pafupifupi 1,000, choncho akhoza kulumpha zaka mazana ambiri kuti mabala apole. Ngakhale atero, wina adzamva kuti chisankho chake anachitaya kudzala. Ine ndinasankha chofiira. Akadzati zoona ndi chobiriwira, zidzandiwawa, ndipo ndayamba kale kukonza mtima.

Ikadzatuluka, musalipiretu. Dikirani sabata ziwiri kapena zitatu, mumve anthu amene aimaliza, osati amene angosewera maola awiri oyamba. Kumbukirani Cyberpunk 2077 mu December 2020: inkavuta kwambiri pa PS4 moti Sony inaichotsa m'sitolo yake kwa miyezi isanu ndi umodzi. Kwa ife kuno kulakwitsa kumadula kawiri, chifukwa pamwamba pa mtengo wa gemu pali bandulo yoitsitsira ndi ya zokonza zimene zimatsatira. Inu amene munaika Legendary Edition mukudziwa mmene bandulo imasungunukira.

Pakali pano PS4 yanu idakali ndi ntchito. Yambiraninso, ndipo Shepard, munthu amene mumamuyendetsa uja, akhale wamkazi, mumve mawu a Jennifer Hale amene amamulankhulira, ndipo musankhe mosiyana ndi poyamba. Muone Tuchanka mmene imakhalira Wrex, Krogan wa m'gulu lanu, atafa, pomwe mtsogoleri wa Krogan ndi Wreav: funso la mankhwala obwezeretsa kubereka kwawo limalemera mwanjira ina, ndipo pali njira yoti Mordin atsale ndi moyo. Mukafika ku Virmire, kumene mumasankha mnzanu mmodzi woti atsale n'kufa, mudzandilembere, ndimve ngati ulendo uno mwasiya Ashley kapena Kaidan.