Nkhope zawo zili pa chikalata cha FBI, nanga bwanji sakumangidwa?

Owerenga wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti anaona pa intaneti chikalata cha FBI, bungwe la boma la America lofufuza milandu, chokhala ndi nkhope za amuna 6 a ku Russia ofunidwa pa milandu yowononga makompyuta, ndiye akufunsa kuti: "Ngati mayina awo akudziwika, bwanji sakuwagwira? Nanga ndalama zimene anaba zinapita kuti?"

Ndiyambe ndi funso lachiwirilo, achimwene, chifukwa ambiri amasokonezekera pomwepo. Anthu awa si mbava zija zotumiza uthenga pafoni kuti mwawina mphoto. Boma la America likuti ndi maofesala a GRU, nthambi ya ukazitape ya asilikali a Russia, a gulu lotchedwa Unit 74455, limene akatswiri a makompyuta analipatsa dzina loti Sandworm. Ndi asilikali olandira malipiro a boma, ndipo chimene anatumidwa ndi kuwononga basi. Boma la Russia limakana zonsezi.

Mlandu wawo unatsegulidwa ku Pittsburgh mu October 2020. Umayambira mu December 2015, pamene magetsi anathima kumadzulo kwa Ukraine, m'nyengo yozizira koopsa, ndipo makasitomala oposa 200,000 anatsala mumdima. Ogwira ntchito pakampani ya magetsi ankangoona kamuvi ka mouse kakuyenda kokha pa sikirini, kakuzimitsa masiteshoni imodzi ndi imodzi, iwo ali chilili. Mulinso za kusokoneza kampeni ya Emmanuel Macron pa chisankho cha pulezidenti ku France mu 2017 ndi mwambo wotsegulira masewera a Olympics ku PyeongChang, ku South Korea, mu 2018.

Koma chachikulu ndi NotPetya. Pa 27 June 2017 vayirasi imeneyi inalowa kudzera mu M.E.Doc, pulogalamu imene makampani ambiri ku Ukraine ankawerengera misonkho. Kompyuta ikagwidwa, pa sikirini pankabwera uthenga woti lipirani madola 300 mu Bitcoin, ndalama ya pa intaneti, kuti mafayilo anu abwerere. Linali bodza. Vayirasiyo inapangidwa moti ngakhale munthu alipire, palibe chobwerera. Dipolo linali chophimba m'maso chabe, kuti anthu aziyesa ndi ntchito ya zigawenga wamba.

Sinathere ku Ukraine. Inawolokera kumakampani akunja amene anali ndi maofesi kumeneko, monga Merck, TNT Express, komanso Maersk, ya makontena aja timawaona pa mathiraki ochokera ku doko. Maersk inachita kukonzanso makompyuta pafupifupi 45,000 ndi maseva 4,000 (makompyuta aakulu amene makompyuta ena onse a pakampani amadalira). Chimene chimandiseketsa n'choti seva imodzi yofunika kwambiri inapulumukira ku Ghana, chifukwa nthawi imene vayirasi inkafalikira kumeneko magetsi anali atathima. Ife odziwa bwino za kuthima kwa magetsi, mwina tisamangodandaula. Dziko lonse lapansi, zowonongeka zikuyerekezedwa kuti zinafika madola 10 biliyoni.

Tsopano za kumangidwa. FBI ilibe mphamvu ku Moscow, ndipo malamulo aakulu a Russia amaletsa kupereka nzika yake kuti ikazengedwe mlandu kudziko lina. Komanso ndi boma liti lingapereke msilikali wake chifukwa chogwira ntchito imene linamutuma? Mu April 2022 America inalonjeza mphoto yofika madola 10 miliyoni kwa aliyense wopereka uthenga wa amuna amenewa, koma mpaka pano palibe ndi mmodzi yemwe amene waimapo m'khoti kumeneko.

Ena amati ndiye chikalatacho n'chopanda ntchito. Ine sindivomereza kwenikweni. Kazitape amadalira kusadziwika, ndiye dzina ndi nkhope zikangotuluka, ntchito yakunja yamuthera. Kuyenda nako kumavuta. Roman Seleznev, munthu wina wa ku Russia amene ankaba manambala a makadi a kubanki, anapita kukapuma ku Maldives mu 2014, ndipo anamugwirira komweko, n'kumugamula zaka 27 ku America. Chikalatacho chimauzanso akuluakulu a GRU kuti amene akuwafufuza afika mpaka podziwa yemwe analemba gawo liti la vayirasi.

Pomwe ndimagwirizana nawo otsutsawo ndi poti sizinaletse kanthu. Mu 2022, nkhondo ili mkati, Sandworm inayesanso kuzimitsa magetsi ku Ukraine. Ndipo Seleznev uja sanamalize zaka zake 27: anabwerera kwawo mu August 2024, mayiko atasinthana akaidi.