Mafunso ndi Mayankho: Kodi Yukiya Arashiro anatchuka bwanji?

Funso: Ndimakonda kuonera mpikisano wa njinga wa Tour de France, ndipo ndakhala ndikumva oulutsa masewerawa akumutchula Yukiya Arashiro wa ku Japan mwaulemu waukulu, chonsecho sindinamuonepo akupambana ngakhale tsiku limodzi. Kodi kutchuka kwake kunachokera pati? Ndine wowerenga wanu, Zomba.

Yankho: Mwaona bwino, Arashiro sanapambanepo gawo lililonse la Tour de France, koma pa mpikisano umenewu ngakhale kungofika kumapeto si nkhani yamasewera. Opalasa amayenda milungu itatu pa mtunda woposa makilomita 3,000, kukwera mapiri a Alps ndi Pyrenees, ndipo amene wafika mochedwa kupyola nthawi yoikika amachotsedwa tsiku lomwelo. Anthu a ku Japan amene anayesapo kale, Kisso Kawamuro mu 1926 ndi 1927 komanso Daisuke Imanaka mu 1996, onse anathera panjira. Mu 2009, Arashiro, yemwe anabadwa mu 1984 pachilumba cha Ishigaki ku Okinawa, anafika ku Paris, komwe mpikisanowu unathera, pamodzi ndi Fumiyuki Beppu wa timu ina, ndipo awiriwa anakhala Ajapani oyamba kumaliza mpikisanowu.

Ulemu umene mumaumva uja umachokera makamaka ku ntchito imene kamera siionetsa kawirikawiri. M'timu yake Arashiro wakhala wothandiza mtsogoleri. Amapalasa patsogolo kuti amutchingire mphepo, amatsalira m'mbuyo dala kukatenga mabotolo a madzi ku galimoto ya timu, n'kuwalowetsa m'malaya mpaka kumsana kutukumuka, kenako n'kupalasa mwamphamvu kuti awapeze anzake ndi kuwagawira. Munthu wogwira ntchito yotereyi amafika pamzere womalizira mphamvu zitamuthera, n'chifukwa chake mayina a opambana sangakuuzeni luso lake lonse. Pamene wapatsidwa mpata waonetsa kuti liwiro ali nalo, pakuti anali wachisanu ndi chinayi pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Geelong, ku Australia, mu 2010, ndipo anapambana mpikisano wa Tour du Limousin ku France mu 2012.

Kwawo ku Japan sitinganene kuti amadziwika ngati akatswiri a baseball kapena sumo, ndipotu kumeneko ambiri akamva za mpikisano wa njinga amaganiza za keirin, wochitikira m'bwalo ndiponso wobetcherana ndalama, womwe unayamba mu 1948. Okonda mpikisano wa pamsewu ndiwo amamukonda kwambiri, makamaka akabwera kudzapalasa ku Utsunomiya pa Japan Cup kapena ku Saitama.

Kwa ine, chimene chinakhazikitsa dzina lake ndi chaka cha 2016. Mu February anagwa pa mpikisano wa ku Qatar n'kuthyoka fupa la ntchafu, koma pofika July anali atabwerera pa Tour de France, kumene tsiku lina analandira mphoto ya wopalasa wolimba mtima kwambiri, ndipo anafikanso ku Paris.