Lendi ya 10 peresenti si phindu la 10 peresenti

Wowerenga wina wanditumizira imelo yonena kuti wapeza nyumba yogulitsa imene lendi yake ya chaka chonse ikukwana 10 peresenti ya mtengo wake, ndipo akufunsa ngati kuli kwanzeru kuigula atabwereka ndalama zina kubanki.

Zikomo chifukwa cha funso lanu, koma dziwani kuti chiwerengero chimene wogulitsa wakupatsanicho ndi cha ndalama zolowa zokha. Kuti masamu asavute, tiyerekeze kuti mtengo wa nyumbayo ndi 100. Mukalipira loya, msonkho wosinthira umwini, katswiri woyeza mtengo wa nyumba ndiponso amisiri okonza zowonongeka munthu asanalowemo, mpamba wanu ungafike pa 108, ndipo phindu liyenera kuwerengedwa pa 108 ameneyo.

Kenaka chotsani pa lendi ya 10 ija zimene nyumba imadya chaka ndi chaka, monga inshuwalansi, msonkho wa malo, msonkho wa pa lendi ndi gawo la ejenti wokuyang'anirani nyumbayo. Mwezi umodzi wokha umene nyumba yakhala yopanda munthu umachotsa gawo limodzi mwa magawo 12 a lendi ya chaka, pomwe munthu amene akukhalamo osalipira amakutayitsani zoposa pamenepo, chifukwa kumutulutsa motsata malamulo kumatenga nthawi ndi ndalama. Zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zokonzetsa zikuluzikulu, chifukwa sizibwera chaka chilichonse ndipo anthu amaziiwala mpaka tsiku limene denga lodontha lawoletsa matabwa, kapena paipi yaphulika mkati mwa khoma n'kufunika kugumula pulasitala. Muziikira padera ndalama mwezi ndi mwezi, ngakhale nyumba ikuoneka yolimba.

Zonsezi zikadya 3, mutsala ndi 7, amene ndi pafupifupi 6.5 peresenti ya 108. Ngati chiwongoladzanja cha banki chikuposa pamenepo, ndalama iliyonse yobwereka ikukuluzitsani, ndipo mwina mudzayenera kumawonjezera ndalama zochokera m'thumba mwanu pobweza ngongoleyo. Yerekezaninso 6.5 ameneyo ndi zimene mungapeze mutabwereketsa ndalamazo kuboma, popanda kuthamangitsana ndi amisiri. N'zoona kuti mtengo wa nyumba ukhoza kukwera, koma kukwera kongotsatira kukwera mitengo kwa zinthu zonse kumangosunga mphamvu ya ndalama zanu, ndipo simugwira ndalamazo m'manja mpaka mutagulitsa nyumbayo.

Musanasayine chilichonse, pemphani umboni wa lendi imene inalipiridwadi m'miyezi 12 yapitayi, ndipo mupite ndi mmisiri wanuwanu kuti akakwere padenga.