Makwerero okwerera mu siling'i: yambani mwayeza musanafunse mtengo

Achimwene, mwafunsa za makwerero oyenera pa nyumba yanu ya ku Mangochi boma, oti muzikwerera mu siling'i momwe muli giza (thanki yotenthetsa madzi) ndi mawaya a magetsi. Mwati kuchoka pansi kufika pa siling'i ndi mamita 3, ndipo kalipentala anakusiyirani chibowo cha masentimita 60 mbali zonse mu kolido.

Miyeso iwiri imeneyi yachotsa kale makwerero amene ambiri amawasirira, a thabwa opinda patatu aja obwera ndi chitseko chake. Ambiri mwa amenewa amafuna chibowo cha masentimita 60 kapena 70 m'lifupi ndi 120 m'litali, ndipo a wamba amathera pa mamita 2.8. Kukulitsa chibowo n'kotheka ngati utali wake ukutsata mitanda ya denga. Koma kalipentala akangotchula zodula mtanda waukulu kuti makwerero alowe, mukaneni pomwepo. Mtanda umenewo ndiwo wagwira denga kuti lisakankhe makoma. Onjezaninso nyengo yathu ya kunyanja kuno: thabwa lokhala pansi pa malata mu Okutobala limauma n'kukhwefula zomangira, dzinja likafika limafufuma, chitseko n'kuyamba kukana kutsekeka. Chiswe nachonso sichilephera kukwera mpaka kudenga.

Kwa inu ndikuona njira ziwiri. Ngati mumakwera kawirikawiri, gulani makwerero a aluminiyamu osololoka, a zigawo zitatu. Amamangidwa m'mphepete mwa chibowo, sachita dzimbiri, ndipo ndi opepuka. Werengani pa katoni zinthu zitatu: kutalika komwe amafika, kukula kwa chibowo komwe amafuna, ndi kulemera komwe amanyamula. Abwino amalembedwa makilogalamu 150, ena otchipa 100 yokha. Munthu wa makilogalamu 80 atanyamula bokosi la zipangizo wayandikira kale malire a otchipawo. Pa kutalika samalani, chifukwa ambiri amayeza kufika pamwamba pa matabwa pomwe mukaponde, osati pa siling'i pomwe mukuona muli pansi. Mamita 3 anuwo akhoza kukhala 3.1 mukawerengera thabwa. Kweraninso ndi tepi mukaone malo a m'mwamba, poti makwerero amenewa akamasungidwa amagona mkati mwa denga kuseri kwa chibowo. Chibowo chikakhala pafupi ndi khoma la kunja komwe malata atsika, kapena paipi ya giza ikadutsa pomwepo, amagunda osalowa.

Ngati kukwerako n'kwa apo ndi apo, pamene giza yavuta kapena mileme yachuluka, musataye ndalama. Pitani kwa wowotcherera akupangireni makwerero ochotseka okhala ndi ngowe ziwiri pamwamba, zokola pa chitsulo chomangidwa m'mphepete mwa chibowo. Muuzeni miyeso nokha, asangoganizira. M'mbali aike chubu cha mamilimita 50 kwa 25 chokhuthala mamilimita 2, masitepe a chubu cha makona anayi cha mamilimita 25, m'lifupi masentimita 40. Masitepe atalikirane masentimita 28, ndipo mpata ukhale wofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Phazi limazolowera mpata woyamba, ndiye sitepe imodzi ikasiyana ndi zinzake, munthu amaphonya potsika. Chitsulo chozungulira cha ring'i bimu chija musalole, chimapweteka kuphazi komanso chimaterera ndi thukuta. Apake kaye red oxide yoletsa dzimbiri kenako penti, makamaka mowotcherera momwe dzimbiri limayambira. Ganiziranitu kosungira, chifukwa chinthu cha mamita oposa 3 sichikhota bwino mu kolido yopapatiza.

Kupendekeka kwake ndi kumene kumakupatsani utali. Pa mamita 4 aliwonse okwera, miyendo ichoke mita imodzi kuchokera pomwe makwerero atsamira. Kwa inu, pa mamita 3.1 aja, ndiye kuti miyendo ikhale masentimita pafupifupi 78 kuchokera pansi pa m'mphepete mwa chibowo, makwerero n'kukhala a mamita 3.2. Mukawaimika chilili mumagwa chagada, mukawagoneka kwambiri miyendo imathawa. Pa matailosi kapena simenti yopakidwa Cobra, miyendo ivekedwe mphira. Zidutswa za tayala lakutha zomangidwa ndi bawuti zimagwira bwino.

Makwerero aja ofupika ngati mlongoti wa wailesi ndi osavuta kusunga, koma fumbi ndi mchenga zikalowa m'maloko ake, sitepe imaoneka ngati yakhoma pomwe sinakhome. Sindingakulangizeni amenewo.

Tsono nkhani yaikulu ili pomangirira, ndipo apa ndi pomwe ntchito zambiri zimalakwika. Timatabwa timene tagwira siling'i, ta mamilimita 38 kapena 50 tija, ntchito yake ndi kunyamula bolodi basi. Makwerero akamangidwa pamenepo, amapirira masiku oyamba, kenako misomali imayamba kuzuka, siling'i kung'ambika m'makona a chibowo, mapeto ake zonse zimatsikira pamodzi ndi wokwerayo. Kalipentala apange felemu ya matabwa a mamilimita 50 kwa 100, kapena 50 kwa 150 ngati mitanda yatalikirana, yofika pa mitanda ikuluikulu mbali zonse ziwiri. Amange ndi mabawuti a mamilimita 10 okhala ndi mawashala, osati misomali yokha. Matabwawo akhale ouma, opakidwa mankhwala a chiswe monga Solignum. Oyilo wakutha wa galimoto asafike pomwe mugwire kapena kuponda.

Pamwamba pa chibowo akhomerenso chogwirira chotalika ngati mita imodzi, ndi matabwa awiri kapena atatu oyalidwa pa mitanda kufika pa giza. Bolodi ya siling'i siyopondapo. Matumba a chimanga a makilogalamu 50 asakwere kumeneko, ngakhale makwerero atakhala olimba chotani.

Pokwera, zimitsani magetsi pa main switch ndipo mutenge tochi, chifukwa aluminiyamu ndi chitsulo zonse zimadutsitsa magetsi, ndipo makoswe amasenda mawaya mu siling'i. Kwerani m'mawa malata asanatenthe, munthu wina ali pansi. Potsegula chibowo imani pambali, ndowe za mileme zisakugwereni m'maso, ndipo muzisese pa masitepe musanapondepo.