Yambani ndi chasisi, dzina la galimoto libwere pambuyo

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa Land Cruiser yakale, Land Rover Defender ndi Nissan Patrol mugule iti, komanso muone chiyani musanatulutse ndalama. Zitatu zonsezi n'zolimba ngati mwini wake ankazisamala, ndipo iliyonse ingakulizeni ngati ankangoyendetsa osailabadira. Chimene mukugula kwenikweni ndi chasisi, chimango chachitsulo cha kunsi chimene chimanyamula galimoto yonse. Injini imatsitsidwa n'kumangidwanso, giyabokosi imasinthidwa, koma chasisi ikadyeka ndi dzimbiri pamafunika kuphwasula galimoto yonse, ndipo ambiri amathera pomwepo.

Pitani masana, galimoto ili youma. Tengani tochi, kanyundo, sikuludiraiva ndi maginito, ndipo muvale zoti zide chifukwa mukagona pansi. Gogodani chasisi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira kuti ngwe, chodyeka chimangoti phu n'kuyoyola makoko ofiira. Chedwani pomwe pamangiriridwa masipuling'i ndi mashoki, pomwe pakhala steering box, ndi pachitsulo chopingasa chakumbuyo. Mbali zambiri za chasisi zimenezi n'zamphako. Matope amalowamo n'kusunga chinyontho, choncho dzimbiri limayambira m'kati, ndipo mukamaliona kunja ndiye kuti lafika kale patali. Mukapeza kunsi konse kwapakidwa zakuda zonyezimira posachedwapa, musasangalale. Bayani ndi sikuludiraiva pamalo angapo mumve ngati pali polobodoka.

Defender imanyenga maso chifukwa bodi yake ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri lofiira. Koma chasisi ndi khoma lolekanitsa injini ndi anthu, lija amati bulkhead, n'zachitsulo. Tukulani mphasa zapansi muone popondera mapazi, makona a m'munsi mwa galasi lakutsogolo ndi mizati ya zitseko. Pomwe aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo, makamaka m'munsi mwa zitseko, penti imachita matuza ndipo pamatuluka ufa woyera. Pa Land Cruiser zamtundu wa 40 ndi 60 bodi ndi yachitsulo, ndiye maginito ndi amene akuuzeni zoona: pomwe sakugwira pamatidwa body filler, phala lija lotsekera mabowo ndi mofinyika. Yesani pamwamba pa matayala akumbuyo ndi m'ngalande za mvula zam'mbali mwa denga. Musachoke musanafananitse nambala yodindidwa pachasisi ndi ya m'mapepala, chilembo ndi chilembo.

Injini muipeze yozizira. Muuzeni wogulitsayo asailize musanafike, ndipo mukafika igwireni ndi dzanja mutsimikize. Injini ya dizilo yotopa imabisa matenda ikatentha. Kautsi koyera kwa masekondi ochepa poliza si vuto. Utsi wabuluu wosaleka ndi oyilo amene akupsa, woyera wosatha ngakhale yatentha ukhoza kukhala madzi odutsa pa head gasket, chomatira cha pakati pa mutu wa injini (head) ndi thunthu lake, wakuda nthawi zambiri ndi ma injector kapena sefa ya mpweya yotsekeka. Ikulira payokha, masulani chotsekera cha oyilo n'kungochikhazika pabowo. Chikamangonjenjemera zili bwino, koma chikamakankhidwa uku utsi ukufuka ngati ketulo, ma ring a mapisitoni atha. Onaninso kunsi kwa chotsekeracho ngati kuli phala loyererako, ndi m'madzi a ladiyeta ngati mukutuluka thovu, chifukwa zimenezinso zikhoza kusonyeza vuto la head gasket.

Dziwani injini imene ili m'galimotomo. Injini za Toyota zotchedwa 2H ndi 3B, komanso TD42 ya malita 4.2 ya mu Patrol Y60, zimayendera magiya, zilibe timing belt, lamba amene amagwirizanitsa kayendedwe ka ma valve ndi mapisitoni. 1HZ ya Toyota ya malita 4.2, yomwe inayamba mu 1990, pamodzi ndi 200Tdi ndi 300Tdi za Land Rover, zili ndi lamba. Pa 1HZ lambayo asapitirire makilomita 100,000. Akaduka, ma valve amagundana ndi mapisitoni. Ngati palibe lisiti losonyeza tsiku limene anasinthidwa, muyeseni wakale ndipo musinthe pamodzi ndi chokungira lambayo (tensioner), ngakhale wogulitsa alumbire motani.

Tsopano kayeseni 4x4 pamsewu wafumbi, osati patala. Tsekani ma hub akutsogolo (zopotokola zapakati pa matayala, zowalumikiza ku mashafiti) ngati ilinawo, lowetsani 4H (kukoka ndi matayala onse anayi) kenako 4L (onse anayi pa giya yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono), muone ngati zikulowa ndi kukhazikika osafwamphuka mukachotsa phazi pamoto. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto muzungulire pang'onopang'ono. Mukamva ka-ka-ka kutsogolo, CV joint yatha, ija pa Toyota amati Birfield. Kumbuyo kwa tayala lakutsogolo kuli chibulumwa chachitsulo chomwe tayala limapindikirapo. Kukhala chonyowa pang'ono ndi girizi n'kwabwinobwino, koma pakamadontha msuzi wakuda, seal yam'kati yafa ndipo oyilo wa difu wasakanikirana ndi girizi. Kwezani ndi jeki, gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamasewera, wina aponde buleki. Kusewerako kukatha ndi wheel bearing, kukapitirira ndi ma bearing a kingpin. Amenewa, limodzi ndi mabushi ndi ma tie rod end otha, ndi amene amachititsa chiwongolero kunjenjemera koopsa mukagunda dzenje muli pa liwiro.

Pali cholakwa chimene eni atsopano amachita kawirikawiri. Galimoto ya 4x4 yochita kulowetsa, monga Land Cruiser 40, 60, 70 ndi Patrol, isayende mu 4H patala pouma. Pokhota matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, ndipo popeza palibe difu yapakati yolola kuti akutsogolo ndi akumbuyo azizungulira mosiyana, mphamvuyo imapotokola mashafiti mpaka china chithyoke. Defender imakoka ndi matayala onse nthawi zonse, choncho lamulo lomweli limagwira pa chotsekera difu yake yapakati (diff lock): musachitseke patala pouma.

Mukagula, musathamangire matayala akuluakulu ndi kukweza galimoto. Zimenezo zimangowonjezera katundu pa ma bearing ndi mabuleki omwe simunawadziwe n'komwe. Yambani ndi kukhetsa zamadzimadzi zonse. Mu injini thirani 15W-40 wa dizilo ndi sefa yatsopano, ndipo muzibwereza pa makilomita 5,000 aliwonse. 1HZ imamwa pafupifupi malita 10. M'madifu mumalowa 80W-90 GL-5. Pa giyabokosi tsatirani buku la galimotoyo, chifukwa giyabokosi ya Land Rover yotchedwa LT77 imafuna ATF, oyilo wopepuka wa magiyabokosi a otomatiki, ndipo oyilo wolemera amaumitsa magiya. Nthawi zonse yambani kumasula bawuti yothirira musanamasule yokhetsera, kuopa kukhetsa oyilo yense kenako n'kupeza kuti yothirira yakana. Madzi a mabuleki sinthani zaka 2 zilizonse, popeza amayamwa chinyontho n'kudya masilinda m'kati.

Kutentha ndi kumene kumapha injini zimenezi. Tsukitsani ladiyeta, sinthani mapaipi ofewa kapena otupa ndi thermostat, ndipo muthire coolant, osati madzi okha. Musadalire geji yokha. Madzi akatayika onse mwadzidzidzi, sensa imatsala mumpweya ndipo singano ikhoza kusakwera pamene head ikupindika. N'chifukwa chake kuona madzi m'mawa uliwonse injini isanalire si kutaya nthawi.

Pamwamba pa difu iliyonse pali kabowo kopumira. Kakatsekeka ndi matope, mpweya wotentha umakankha oyilo kudzera m'ma seal. Difu yotentha ikamira m'madzi ozizira imayamwa madziwo, ndiye mukaoloka mtsinje wakuya masulani bawuti muone. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, khetsani tsiku lomwelo. Kulumikiza timapaipi ku timabowoto n'kutikwezera m'mwamba pafupi ndi injini ndi ntchito yochepa koma yothandiza kwambiri. Popani girizi m'ma universal joint a propshaft posintha oyilo paliponse, ndipo ma hub muziwatseka kamodzi pamwezi n'kuyenda makilomita angapo muli mu giya ya 2H (kukoka ndi matayala akumbuyo okha) kuti zakutsogolo zizungulire mu oyilo. Mukachoka m'matope, lowetsani paipi ya madzi m'mabowo a chasisi mpaka madzi atuluke oyera.

Matayala onse akhale a saizi imodzi, ndi lapadera lomwe. Pambali pa tayala pali manambala 4 omaliza pa mzere wa DOT: 2318 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala lokalamba limang'aluka m'mbali ngakhale mano ake akadali akuya, choncho werengani manambalawo pa lililonse musanagwirizane mtengo.