Myuziyamu kapena nyumba yosungiramo zinthu zakale?

Mphunzitsi wina wa Sitandade 7 ku Chiradzulu wafunsa kuti: "Mwezi wamawa tikupita ndi ana ku Chichiri. M'kalata yopita kwa makolo ndilembe kuti tikukaona myuziyamu, kapena nyumba yosungilamo zinthu zachikale?"

Aphunzitsi, mawu oti zachikale muwafufute kaye, tikambe zinazo. Chakale ndi chinthu chimene chakhalitsa, basi. Chachikale ndi chimene chinatha ntchito, anthu anachitaya. Mdzukulu akauza agogo ake kuti "maganizo anuwo ndi achikale", wawanyoza, ndipo nkhaniyo ikafika kwa amalume. Mukalembera makolo kuti ana akukaona zachikale, mwawauza nokha kuti ndalama ya basi akuponyera kudzala.

Palinso mawu oti zamakedzana, omwe amapita patali kuposa zakale. Njinga yamoto ya m'nthawi ya atsamunda ndi yakale. Mafupa a Malawisaurus, chinyama chomwe chifaniziro cha mafupa ake onse anachiimika mu myuziyamu ya ku Karonga, ndi amakedzana, pakuti chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Zojambula za Akafula m'mapanga a ku Chongoni, ku Dedza, ndi zamakedzananso.

Koma ngakhale mutalemba "zinthu zakale", mawuwo sakukwanira. Mwana akakaona mtondo, munsi, lichero ndi nkhali zitaikidwa poonekera, adzaseka n'kunena kuti "izi ndiye kwathu zilipo", ndipo akhala akunena zoona, poti mayi ake asinjira mu mtondo m'mawa womwewo. Malo amenewa sasunga zakufa zokha. N'chifukwa chake ine ndimalemba kuti myuziyamu, osachita nazo manyazi. Tinabwereka sukulu, sitolo ndi basi, ndipo palibe anadwala nazo. Mawuwa amayenda ngati nyumba: myuziyamu ya ku Chichiri inatsegulidwa mu 1966, ndipo ndi yaikulu. Akachuluka timati mamyuziyamu a ku Mangochi ndi ku Mzuzu. M'kalatamo lembani myuziyamu, kenako muwonjeze chiganizo chimodzi chofotokoza zomwe ana akaone, kuti agogo olera mdzukulu amve.

Pa kalembedwe, ndi yosungiramo, osati yosungilamo. Pambuyo pa i ndi e timalemba r, kwina konseko l: mbiri, kusungira, lichero, koma kale, gule, sukulu. Ndipo ndi -mo chifukwa zinthuzo zili m'kati mwa nyumba. Pathandala timaikapo, m'nyumba timasungiramo. (Basi ikadzera msewu wa Zomba, imani pa Namaka ana aone kanyumba ka Mtengatenga, komwe ankapumulira amuna onyamula makalata wapansi pakati pa Blantyre ndi Zomba. Dzinalo palokha ndi phunziro la kubwereza tsinde la mneni: tenga, tengatenga.)

Funso lina lachokera kwa mtsikana wophunzira ku yunivesite, yemwe anakacheza ku Mua. Akuti: "Mu myuziyamu ya Chamare ndinaona nkhope za gule wamkulu mazanamazana. Polemba lipoti ndizitchule kuti zigoba? Mnzanga wa ku Dowa akuti ndisayerekeze."

Achemwali, mnzanuyo mumvereni. Chigoba ndi mawu a Chichewa chenicheni, ndipo ambiri amawagwiritsa ntchito, koma tanthauzo lake ndi chinthu chopanda kanthu m'kati, ngati chigoba cha nkhono kapena cha kamba. Kwa eni dambwe, chimene chimatuluka pabwalo si munthu wovala chigoba ayi, ndi chirombo. Iwo amati "gule watuluka". Mukalemba kuti "bambo wina anavala chigoba n'kuyamba kuvina", kwa inu ndi chiganizo wamba, kwa iwo mwaulula za kudambwe pamaso pa ana.

Apa ndipo myuziyamu imativutitsa ife a chiyankhulo, chifukwa imaika poyera zinthu zomwe mawu ake anapangidwira kubisa. Bambo Claude Boucher, wansembe yemwe mu 1976 anayambitsa malo a zachikhalidwe a KuNgoni ku Mua, komwe kuli myuziyamu ya Chamare, anasonkhanitsa zinthuzi kuti zisatayike, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza gule wamkulu monga chuma cha anthu onse. Komabe kumudzi gule akuvinidwa mpaka lero pa maliro, pa ziliza ndi polonga ufumu, kotero eni ake alipo ndipo amawerenga.

Chomwe ndingakulangizeni ndi kutchula gule aliyense ndi dzina lake: Chadzunda, Maliya, Simoni, Njovu. Mukafuna mawu ophatikiza onse, nenani kuti "magule" kapena "zirombo". Zigoba musiyire pamene mukukamba za mtengo wosemedwawo monga ntchito ya mmisiri. Ndipo Kasiyamaliro musamutche chigoba n'komwe, chifukwa iye ndi wolukidwa thupi lonse ndi nsungwi ndi makoko a chimanga.